Mtovu wa ku Kabwe: Anakana Ndani, Anasautsika Ndani?

Ngungu ndi komboni ya m'tauni ya Kabwe, yoyandikana ndi Bwacha, ndipo dzina lake silimveka kawirikawiri nkhani ya mtovu ikamakambidwa. Maina otchuka pa nkhaniyi ndi Kasanda, Makululu ndi Chowa, makomboni amene anagundana ndi mgodi wakale. Ngungu ili chapatali ndithu, komabe anthu ake amafunsidwa funso lomwelo limene alendo amafunsa aliyense wa ku Kabwe: zimatheka bwanji kuti anthu azikwatira, kubereka ana ndi kumanga nyumba m'tauni imene bungwe la Blacksmith Institute linaiika pa mndandanda wa malo khumi oipitsidwa kwambiri padziko lonse mu 2006, mu 2007 ndiponso mu 2013? Mlendo amadziyankha yekha msangamsanga kuti anthuwa akukana choonadi. Yankho limeneli ndi lolakwika, ndipo mbiri ya tauniyi ndiyo imalitsutsa. Kukana kunalipodi ku Kabwe, kwa zaka makumi ambiri, koma kunkakhala m'maofesi, mwa anthu amene anali ndi malipoti a madokotala m'makabati awo. Chimene chakhala m'makomboni n'china: kudziwa kuti dothi la pakhomo pako ndi poizoni, koma ulibe kwina kopita. Akatswiri a maganizo a munthu amasiyanitsa zinthu ziwirizi, ndipo kuzisokoneza kwachititsa kuti ku Kabwe mankhwala aziperekedwa kwa munthu wosadwala matendawo.

Kukana, monga anakufotokozera Anna Freud m'buku lake la mu 1936 lonena za njira zimene mtima umadzitchinjirizira, ndi kutsekera choonadi kunja. Munthu wauzidwa kuti ali ndi matenda oopsa, koma amadzuka m'mawa ngati sanauzidwe kanthu, ndipo bata limene ali nalo si lachiphamaso, chifukwa nkhaniyo sinalowe n'komwe. Chimene Leon Festinger anachitcha cognitive dissonance m'buku lake la mu 1957 chimayamba pamene nkhaniyo yalowa kale. Munthu akudziwa chinthu, zochita zake zikutsutsana ndi chimene akudziwacho, ndipo kutsutsanako kumamudya mumtima mpaka atapeza njira yokuchepetsera. Chitsanzo cha Festinger chinali cha wosuta fodya amene wamva kuti fodya amawononga thupi. Angathe kusiya, mkangano n'kuthera pomwepo. Akalephera kusiya amatembenukira ku maganizo ake n'kuyamba kuwakonza: ngoziyo si yaikulu monga akuinenera, palibe munthu angathawe ngozi zonse, akasiya adzanenepa. Wokana alibe mkangano woti authetse. Wosautsika ali nawo tsiku ndi tsiku, ndipo tizifukwa timene amapereka ndiwo umboni wakuti akudziwa, pakuti palibe amavutika kupeputsa katundu amene sanamve kulemera kwake. Ziwirizi zimakumana, chifukwa munthu angathawire m'kukana pofuna kupumula ku mkangano wa mumtima. Koma kukana kuti kukhalitse kumafuna mtunda. N'kosavuta kwa munthu amene sapuma fumbilo, ndipo n'kovuta kwambiri kwa mayi amene mwana wake wakomoka m'manja mwake.

Mbiri ya mgodi inayamba mu 1902, pamene T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pa timapiri ta m'dera la Alenje, natcha malowo Broken Hill potengera mgodi wotchuka wa ku New South Wales m'dziko la Australia. Kampani ya Rhodesia Broken Hill Development Company inakhazikitsidwa mu 1904, njanji inafika mu 1906, ndipo mu 1925 damu la Mulungushi linatsegulidwa kuti lizipereka magetsi ku mgodiwo. Tauni inakula mozungulira ng'anjo zosungunulira miyala ndi likulu la njanji. Chofunika kukumbukira n'chakuti Broken Hill wa ku Australia uja anali kale ndi mbiri ya mtovu m'matupi a anthu. Boma la New South Wales linachita kafukufuku wa poizoni wa mtovu pa migodi ya kumeneko, lipoti lake n'kutuluka mu 1893, Davey asanapondeko n'komwe pa timapiri ta Alenje. Mu 1904, chaka chomwe kampani inkabadwa, dokotala wa ku Brisbane, J. Lockhart Gibson, anasonyeza kuti ana aang'ono ankadwala chifukwa chogwira penti ya mtovu m'makonde a nyumba n'kuika zala m'kamwa. Zonsezi zinalembedwa m'Chingerezi, mu ufumu womwewo wa Britain, pakati pa anthu a ntchito yomweyo ya migodi. Palibe anganene kuti mtovu unali chinsinsi. Koma dziko linadziwa Broken Hill wa ku Africa chifukwa cha chinthu china: chigaza cha munthu wakalekale chimene chinafukulidwa mumgodimo mu 1921, chimene chili ku Natural History Museum ku London mpaka lero ngakhale kuti Zambia yakhala ikuchipempha. Dzina la Tom Zwiglaar, wa ku Switzerland, linalembedwa monga wochipeza, koma la Mwafrika amene ankakumba naye silinasungidwe.

Kusalembedwa kumeneko kukutilozera ku kukana koyamba kwa ku Broken Hill, kumene sikunali kwa mtovu. Kunali kukana kuti Mwafrika ndi munthu wa m'tauni. Malipiro, nyumba ndi malamulo a nthawi ya atsamunda anakonzedwa poganiza kuti wantchito ndi mwamuna wobwera yekha kuchokera kumudzi, wodzagwira ntchito kanthawi kuti apeze ya msonkho ndi bulangete, n'kubwerera kwa mfumu yake. Godfrey Wilson, mkulu woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anachita kafukufuku m'makomboni a Broken Hill mu 1939 ndi 1940, ndipo zimene anasindikiza mu 1941 ndi 1942 zinasonyeza kuti amuna ambiri anali atathera mbali yaikulu ya moyo wawo wauchikulire m'matauni, ambiri ali ndi akazi ndi ana pomwepo. Kampani inkadziwa zimenezi, chifukwa iyo yomwe inkagawira antchito ena minda ya maekala 5 kuti mabanja azidzilimira chakudya. Inkafuna banja likhale pafupi kuti mwamuna asathawe ntchito, koma malipiro akhalebe a munthu mmodzi. Wilson analetsedwa kupitiriza kafukufuku m'makomboni a mgodi, ena akudandaula za kucheza kwake momasuka ndi Aafrika ndiponso za kudana kwake ndi nkhondo, ndipo posakhalitsa anatula pansi udindo wake. Kukana kumeneku ndiko kunabala kwinako. Ngati pa pepala mwana kulibe m'komboni, palibe amafunsa chimene mwanayo akupuma, ndipo nyumba za antchito zingamangidwe paliponse pamene pali pafupi ndi chipata cha mgodi.

Zinamangidwadi pafupi. Mphepo ya ku Kabwe imakonda kuomba kuchokera chakum'mawa, ndipo Kasanda ili kumbali imene utsi wa ng'anjo unkagwera, Makululu n'kudzakula kuseri kwake. Chowa inalandira gawo lake kudzera mu ngalande yochokera ku mgodi, imene imasefukira nthawi ya dzinja n'kusiya matope m'mabwalo a nyumba. Mtovu ukagwera m'dothi suola ndipo susuluka. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala, udzu utauma, fumbi limalowa pansi pa chitseko, limatera pa mbale zoyanikidwa pa thandala, pa ndiwo zamasamba za kuseri kwa nyumba, pa mphasa imene mwana akukwawapo. Mwana wa miyezi khumi amadziwa dziko ndi kamwa: watola kachitsononkho, wanyambita, wapukuta mamina ndi dzanja lafumbi. Thupi lake limatenga mtovu ngati kuti ndi kashiamu womangira mafupa, ndipo mwana amayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu amene wameza mlingo womwewo. Umabisala m'mafupa ndi m'mano kwa zaka, ndipo mtsikana akadzakula n'kutenga pakati umatuluka n'kupita kwa mwana wosabadwayo. Zizindikiro zake n'zosokoneza: kuchepa kwa magazi, kupweteka m'mimba, kusamva msanga m'kalasi, ndipo ukachuluka, kukomoka ndi imfa. M'dziko la malungo, mwana wokomoka ali ndi matenda amene aliyense amawaganizira poyamba. Okhawo amene akanatha kusiyanitsa anali madokotala a mgodi, ndipo anasiyanitsadi. Dr Ian Lawrence, amene anagwira ntchito pa mgodiwo kuyambira cha mu 1969, wafotokoza m'umboni wake kuti imfa za ana zitamudetsa nkhawa anayeza magazi a ana pafupifupi 500 napeza mtovu wochuluka moopsa, nadziwitsa akuluakulu ake. Dr A. R. L. Clark anapitiriza kuyeza pakati pa 1971 ndi 1974, nalemba zotsatira zake mu 1975 ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Kuyambira nthawi imeneyo nkhaniyo inali pa pepala.

Apa pali chotsutsa champhamvu, ndipo sichiyenera kukankhidwira pambali. Chimene madokotala amatcha mlingo woopsa chakhala chikusintha. Ku America, m'zaka za m'ma 1960, mwana ankaonedwa kuti ali pangozi mtovu ukafika mamaikulogalamu 60 pa desilita imodzi ya magazi. Mlingowo unatsitsidwa kufika pa 40 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pa 30 mu 1975, pa 25 mu 1985, pa 10 mu 1991, pa 5 mu 2012, ndipo mu 2021 unafika pa 3.5. Kafukufuku wa Herbert Needleman, amene anayeza mtovu m'mano a ana a sukulu nasonyeza kuti ngakhale wochepa umafooketsa nzeru, anatuluka mu 1979. Ndiye kodi si kulakwa kuweruza anthu a mu 1950 ndi nzeru za lero? Woweruza Leonie Windell wa ku khoti lalikulu la ku Johannesburg anatchula mfundo yonga imeneyi mu Disembala 2023, pa mlandu umene mabanja a ku Kabwe anasumira kampani ya Anglo American chifukwa cha mtovuwo. Mfundoyi ndi yoona pa mtovu wochepa, umene umaba nzeru mwakachetechete. Siigwira ntchito pa mtovu wochuluka. Kuti mtovu wambiri umakomola ndi kupha mwana kunadziwika kalekale, ndipo zimene madokotala a ku Kabwe ankaona sizinali milingo yokayikitsa ya pamalire. Anali ana odwala ndi ana omwalira. Munthu angakhululukidwe posadziwa kuti 15 ndi woopsa. Koma pamene magazi akuonetsa mlingo wopyola muyeso uliwonse umene unalipo pa nthawiyo, nkhani ya kusintha kwa miyeso imakhala pobisalira.

Stanley Cohen, katswiri wobadwira ku Johannesburg, anasonyeza m'buku lake la mu 2001 kuti maboma ndi mabungwe akuluakulu amakana m'njira zitatu: kunena kuti chinthucho sichinachitike, kuvomera kuti chinachitika koma kuchipatsa dzina lina, kapena kuvomera zonse koma kukana kuti zikukukhudza. Mbiri ya Kabwe yadutsa m'njira zonsezi, ndipo yaima pa yachitatu. Lero palibe amatsutsa kuti dothi la Kasanda lili ndi poizoni. Mkangano uli pa mwini wake wa poizoniyo. Odandaula pa mlandu wa ku Johannesburg akuti Anglo American inkayendetsa ndi kulangiza mgodiwo kuyambira 1925 mpaka 1974, nthawi imene mtovu wambiri unasungunulidwa. Anglo American ikuti sinali mwini mgodi, inali ndi magawo ochepa chabe ndi ntchito yopereka ukatswiri, ndipo udindo uli kwa amene anautenga boma litalowererapo. Mfundo yomalizayi ili ndi mano, ndipo Mzambia woona mtima sangaithawe. Kenneth Kaunda atalengeza ku Matero mu Ogasiti 1969 kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi, mgodi wa Kabwe unalowa m'manja mwa Nchanga Consolidated Copper Mines, kenako mwa ZCCM kuyambira 1982, mpaka unatsekedwa mu 1994. Kwa zaka 20 zomalizazo utsi unkatuluka pansi pa mbendera ya Zambia, zolemba za Clark zilipo kale. Mgodi utatsekedwa, chimulu cha zinyalala zake, matani opitirira 6 miliyoni, chinasiyidwa pamtetete. Choncho kukana kunalibe khungu limodzi. Kunasamuka kuchoka ku ofesi ina kupita ku ina pamodzi ndi makiyi, ndipo chimene maofesi onsewo anali nacho chofanana ndi kutalika kwawo ndi fumbi: London, Johannesburg, Lusaka.

Wina anganene kuti kampani kapena boma lilibe mtima, ndiye kulinena kuti likukana n'kusewera ndi mawu a akatswiri. Anganenenso kuti mwina mamanejala nawo ankasautsika mumtima monga wina aliyense. N'zotheka ndithu kuti manejala amene anawerenga lipoti la dokotala sanagone bwino usiku umenewo. Koma bungwe lalikulu lili ndi luso limene munthu payekha alibe, logawa nkhani m'zidutswa mpaka pasapezeke amene wainyamula yonse. Dokotala amadziwa za magazi koma alibe ndalama, wa ndalama amaona mtengo wa makina osefa utsi koma saona ana, wa ku likulu amaona matani a mtovu ogulitsidwa, wa zamalamulo amalangiza kuti pasalembedwe mawu ovomera mlandu. Aliyense amachita mbali yake ndi mtima woyera, ndipo bungwe lonse limayenda monga munthu wa Anna Freud uja, wodzuka m'mawa ngati sanauzidwe kanthu. Kusautsika kwa munthu mmodzi m'kati mwake kumathetsedwa ndi kusamutsidwa, kupuma pa ntchito kapena kubwerera kwawo. Khomo lotulukira linalipo kwa iwo nthawi zonse.

Kwa anthu a m'makomboni nkhani inayenda mwa mtundu wina, ndipo poyamba siinali kukana kapena kusautsika, koma kusauzidwa. Wantchito wa pa ng'anjo ankadziwa kuti mtovu umadwalitsa wogwira nawo ntchito, koma kuti dothi la pabwalo lingafooketse nzeru za mwana amene sanapondeko ku mgodi inali nkhani ya m'mabuku a madokotala. Nkhaniyo inafika m'makomboni mwamphamvu mgodi utatsekedwa, makamaka kudzera mu Copperbelt Environment Project, ntchito yothandizidwa ndi World Bank kuyambira 2003 mpaka 2011, ndi atolankhani akunja amene anayamba kufika ndi makamera. Taonani nthawi imene inafikira. Ntchito za mgodi zinali zitatha mu 1994, njanji inali itachepetsa antchito, ndipo fakitale ya nsalu ya Mulungushi inatsekedwa mu 2007. M'zaka za m'ma 1990 boma la Frederick Chiluba linali litagulitsa nyumba za makhonsolo ndi za migodi kwa amene ankakhalamo, kotero mabanja ambiri anakhala eni nyumba kwa nthawi yoyamba, ena nyumbayo ikulowa m'malo mwa ndalama zopumira pa ntchito. Festinger anaona kuti mkangano wa mumtima umakula kwambiri pamene munthu wadzipereka kale pa chinthu chimene sangathe kuchibweza. Iye ndi anzake Henry Riecken ndi Stanley Schachter anaziona pa kagulu ka ku America kamene kanayembekezera chigumula pa 21 Disembala 1954: amene anasiya ntchito ndi kugawa katundu ndiwo anakakamira kwambiri chikhulupiriro chawo tsikulo litadutsa. Mwini nyumba wa ku Kasanda sanachite chopusa chilichonse chonga chimenecho, koma msampha wake ndi wofanana. Chuma chokha chimene ali nacho chaima pa dothi limene wauzidwa kuti likupha ana ake. Akachigulitsa apeza zochepa, akachisiya alibe kanthu.

Kukula kwa chimene anauzidwacho kukuoneka m'kafukufuku wa John Yabe wa ku University of Zambia ndi anzake a ku Hokkaido University, wofalitsidwa mu 2015. Anayeza ana 246 osakwana zaka 7 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo onse anapyola mamaikulogalamu 5. Ku Kasanda oposa theka anapyola 65, pamene 45 ndiwo mlingo umene madokotala amayambira kupereka mankhwala otulutsa mtovu m'thupi, ndipo mwana wina anafika pa 427.8. Mayi wolandira zotsatira zotere, wobwerera ndi mwanayo ku bwalo lomwelo, sangakhale wokana. Chimodzimodzi amuna ndi akazi amene amakumba pa chimulu chotchedwa Black Mountain ndi mapiki ndi mafosholo, kudzaza matumba a miyala yokhala ndi zinki ndi mtovu kuti akagulitse, n'kubwerera kunyumba zovala zili mbuu, ana n'kuwathamangira kudzawakumbatira. Iwowa ndiwo amajambulidwa monga chitsanzo cha anthu osamva. Komatu wokumbayo amadziwa chimulucho kuposa womujambula, waona anzake chitawagumukira. Akanena kuti njala imapha msanga kuposa mtovu, sakutsutsa sayansi. Akuyeza zoopsa ziwiri, n'kusankha chimene chimachedwa, kenako n'kuyankhula mokweza za chinacho kuti mtima ukhale pansi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ngungu imatisonyeza njira ina yochepetsera mkanganowo, yosavuta kuiona chifukwa theka lake ndi loona. Kafukufuku wasonyeza kuti mtovu m'dothi ndi m'magazi umachepa munthu akamatalikira mgodi. Wokhala ku Ngungu kapena ku Bwacha ali ndi chifukwa chomveka choganizira kuti vutolo ndi la ku Kasanda ndi ku Makululu, kuti iye ali kuno kwabwino. Sakunama. Koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo tauni si makomboni otsekedwa ndi mipanda. Anthu amakumana pamsika, amakwera minibasi imodzi, amakwatirana, amatumiza ana kwa azakhali patchuthi, ndipo lipoti la Human Rights Watch la mu Marichi 2025 linasonyeza malole akunyamula zinyalala za mgodi n'kukaziunjika m'malo ena a tauniyo. Kukhala bwinoko poyerekeza ndi Kasanda sikutanthauza kukhala bwino. Chochititsa chidwi n'chakuti maganizo a Festinger anayambira pa anthu a m'mphepete ngati amenewa. Iye anawerenga za chivomezi cha ku Bihar ku India cha mu 1934, kumene anthu amene anamva kugwedezeka koma osaona kuwonongeka anafalitsa mphekesera za masoka aakulu akubwera, ngati kuti akufunafuna chifukwa cha mantha amene anali nawo kale. Mtima umasaka nkhani yogwirizana ndi mmene ukumvera ndi mmene ukukhalira. A ku Bihar anali ndi mantha opanda chifukwa chooneka, nadzipangira chifukwa. Wa m'mphepete mwa Kabwe ali ndi chifukwa cha mantha, koma ali ndi moyo woti aupitirize, ndiye amakuza mtunda umene uli pakati pa iye ndi chimulu.

Chotsutsa chovuta koposa n'chakuti kusiyanitsa konseku sikusintha kanthu m'magazi a mwana. Kaya mayi akukana kaya akusautsika, mtovu ukulowa chimodzimodzi. N'zoona, koma chimene chimasintha ndi chithandizo. Wokana amafunika umboni woti sangauthawe, ndipo ngati ndi bungwe amafunika khoti kapena lamulo. Wosautsika umboni ali nawo kale, chimene akusowa ndi chochita. Ukamuwonjezera mantha popanda kumupatsa njira, malinga ndi maganizo a Festinger, umangomukakamiza kulimbitsa tizifukwa take ndi kupewa nkhaniyo. Mbali yooneka kwambiri ya ntchito za ku Kabwe yakhala ya kuphunzitsa: sambitsani ana m'manja, kolopani ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa, bzalani kapinga pabwalo, amayi oyembekezera asamadye dothi. Malangizowa ndi abwino. Koma kapinga amafuna madzi m'chilimwe, ndipo banja lotunga madzi ogula pa chigubu silingathirire bwalo mu Okutobala. Mwana wolandira mankhwala otulutsa mtovu, akabwerera ku dothi losachotsedwa, magazi ake amadzazanso. Lipoti la Human Rights Watch la mu 2019 linadandaula zomwezi, kuti kuyeza ndi kuchiza kunali kodukaduka ndipo gwero la fumbi silinakhudzidwe. Ntchito yachiwiri ya World Bank, yovomerezedwa mu 2016 ndi madola 65.6 miliyoni ogawana ndi matauni ena a ku Copperbelt, inayeza ndi kuchiza ana ambiri ndi kukonza mabwalo ena, koma chimulu sichinakwiriridwe. Kuphunzitsa munthu wodziwa kale kuli ndi phindu limodzi kwa wophunzitsayo: udindo umasamukira kwa mayi. Mwana akadwala, ndiye kuti mayi sanamusambitse m'manja. Pamenepa kunena kuti anthu a m'komboni akukana kumasanduka njira yatsopano ya kukana kwa maofesi, yachitatu ija ya Cohen.

Umboni wina wakuti anthuwa sakukana ndi zimene amachita khomo likangotseguka pang'ono. Festinger ananena kuti njira yoyamba yothetsera mkangano wa mumtima ndi kusintha zochita, ndipo munthu amathawira ku kukonza maganizo pokhapokha njira imeneyo itatsekeka. Kuyeza magazi kukapezeka m'zipatala za m'makomboni, amayi amabwera ndi ana pamsana. Mu Okutobala 2020 mabanja a ku Kabwe, kudzera mwa maloya a Mbuyisa Moleele a ku Johannesburg mothandizana ndi a Leigh Day a ku London, anasumira Anglo American South Africa m'malo mwa ana ndi amayi a msinkhu wobereka pafupifupi 140,000. Anthu okana kuti pali vuto sapereka magazi a ana awo kuti akhale umboni kukhoti la dziko lina. Mu 2022 David Boyd, nthumwi yapadera ya United Nations pa za ufulu wa anthu ndi chilengedwe, anatchula Kabwe pakati pa madera amene anthu ake anaperekedwa nsembe chifukwa cha phindu la ena. Khoti linakana mu Disembala 2023 kuti mlanduwo uzengedwe monga wa gulu, ndipo mu 2024 odandaula analoledwa kuchita apilo. Mlanduwo, kaya udzatha bwanji, ukukhudza kampani imodzi ndi zaka za pakati pa 1925 ndi 1974. Zaka za ZCCM sizili m'menemo, ndipo zilolezo zokumba ndi kunyamula zinyalala za pa chimulu zimaperekedwa ku Lusaka.